Mawilo Anayi pa Mphasa

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mumaseka mukamva akuluakulu pamsika akundiitana kuti a Malemu pamene ine ndikusankha tomato ndi manja anga, mutu uno ndalembera inu. Nkhaniyi mwaimva kwa amayi anu, mwaimvanso kwa malume anu a Fakisoni, koma onsewa amaipotoza. Amayi anu amachotsamo nzeru zanga, malume anu amachotsamo dzina lawo. Lero muimve kwa mwini maliro.

1990

Za ubwana wanga ndilibe nazo mawu, ndinali mwana wa chimfine pamphuno ngati ana ena onse. Ntchito yeniyeni ndinaipeza pa depoti ya kampani ina yogula thonje ku Chipata kuno, nditatopa ndi kumanga zingwe ndi kugona pansi pa malole a eni masitolo. Anandilemba ngati dalaivala wachiwiri. Woyamba anali a Tembo, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene anandilandira ndi malangizo awa: "Iwe Sakala, pano malamulo ndi awiri chabe. Bwana salakwa, ndipo galimoto ikafa, wapha ndiwe."

Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi. Ine ndi a Tembo tinkakangana pa chilichonse: tayala labwino, paipi yotsukira, ulendo wa ku Lusaka umene unali ndi kangachepe ka panjira. Pa depoti panali jeke yokwezera galimoto imodzi chabe yosatsika yokha, ndipo inasowa chaka chomwe ndinafika. Ndinkadziwa amene anaibisa, iwonso ankadziwa amene anabisa sipanala yawo ya mawilo. Koma masana tinkakhala pa belo limodzi la thonje, kugawana chinangwa chootcha, uku tikunyozana. Zaka zimenezo zinthu zinali zosowa. Magalimoto anali atatu, batire limodzi. M'mawa tinkaliza yoyamba, kuchotsa batire injini ikuyaka, kuthamanga nalo kwa yachiwiri. Tayala likaphulika kutchire tinkalishomeka udzu n'kubwera pang'onopang'ono ngati akwati. Munthu amene wanyamula naye batire m'mawa uliwonse sungamude kwenikweni, ngakhale utayesetsa.

1993

Chaka chimenechi kunabwera bwana watsopano, a Chanda, ochokera kumpoto. Monga mudziwa, anthu a kumeneko ndi ambuya athu a nthabwala, ndiye tsiku loyamba lomwe anandifunsa ngati ndabisa mbewa m'bokosi la zitsulo. Ine mawu obwezera ndinali nawo, akuti kwawo amadya anyani, koma nthabwala ya bwana imayankhidwa ndi kuseka basi.

A Chanda anatulukira ndi galimoto yoyera ya ku Japan, yogula kwa wina koma yooneka bwino, imene kampani inawapatsa. Chimene chinaimitsa anthu pamsewu sichinali galimotoyo ayi, anali mawilo ake. Sanali achitsulo chakuda ngati athu aja. Anali a aluminiyamu, onyezimira, a zala zisanu ngati dzanja lotambasula. Anyamata a m'tauni ankawatcha ma magi. Bwana ankawakonda mawilo amenewo kuposa mmene amuna ena amakondera akazi awo. Ndinawaonapo ndi maso anga atagwada, tayi ili lende, akupukuta wilo ndi mpango wa m'thumba.

Koma thonje silimera pa tala. Galimotoyo tinkaiyendetsa mosinthana, sabata ino ine, yamawa a Tembo, m'misewu ya miyala ya ku Chadiza ndi ku Vubwi. Miyala inawaluma mawilo aja, matope anawadya, ndipo agalu a mlonda wa pa depoti anawasankha kukhala chimbudzi chawo. Patapita zaka ziwiri anali atasupuka, akuoneka ngati zidendene za mlimi m'chilimwe. Bwana ankati ine ndi a Tembo tinawawononga. A Tembo ankati ndine. Ine ndinkati ndi agalu.

Juni 1995

Mbiri inali itayenda kale kuti kampani yagulitsidwa, ndipo m'makampani ena anthu anali akubwerera kumudzi ndi mabedi pamwamba pa basi. Ine ndinaonda ndi maganizo. Chifuwa cha fumbi la thonje, chimene chinkandigwira chaka chilichonse nyengo yogula, chinandigwiranso, moti ndinkakhosomola kuyambira pa geti mpaka kunyumba. Musaiwale chifuwa chimenechi, chibweranso kutsogoloku.

Lachitatu lina bwana anatiitana tonse awiri mu ofesi.

"Sakala, Tembo, khalani pansi. Nkhani si yabwino. Eni ake atsopano afuna dalaivala mmodzi chabe. Abwera Mande kudzaona depoti, ndipo tsiku lomwelo ndiyenera kuwapatsa dzina."

Palibe anayang'ana mnzake. Bwana anapita pawindo, anaona galimoto yawo panja, nkhope inagwa kuposa mmene inagwera ponena za ife.

"Manje onani mawilo aja. Ndikatenge alendo ndi zinthu zotere? Ku galaja anditchulira mtengo wa ng'ombe, ndipo mu ofesi muno mulibe ngakhale ya shuga."

"Bwana," anatero a Tembo, "tingopaka matayala polishi wa nsapato. Anthu a ndalama sayang'ana pansi."

Apo ndinaona mpata wanga. Kunyumba munali inu asanu ndi mmodzi, wamkulu ali pafupi kulemba mayeso, ndipo kumudzi ndinalibe ngakhale munda wolozeka. "Bwana, mundipatse galimoto Lachisanu madzulo. Mande mudzapesa tsitsi poyang'ana pa wilo." Ndinali ndisanapentepo ngakhale chitseko cha khola.

Mutu umodzi susenza denga, choncho ndinapita kwa malume anu a Fakisoni, mlongo wa amayi anu, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika, kwinaku akupenta mbaula ndi mathiranki a ana a sukulu. Anamvetsera, anakanda chibwano, n'kutulutsa chitini cha penti wasiliva wotsala ku mathiranki.

"Alamu, penti ndi penti. Wilo silidziwa ngati penti wachoka ku Joni kapena konkuno ku Kapata."

Anawonjezapo sandipepa, botolo la thina wosungunulira penti, makhadi akale a njuga, ndi mpope wopopera udzudzu umene anati umagwira ntchito chimodzimodzi ndi makina a ku galaja, kusiyana n'kwakuti magetsi ake ndi mkono wa munthu.

Nthawi imeneyo tinkakhala kumapeto kwa komboni ya Nabvutika, m'nyumba ya mpanda wa udzu ija, m'mphepete mwa msewu wafumbi umene malole ankadutsamo pothawa maenje a msewu waukulu. Amayi anu anali atapita nanu nonse ku Tamanda, kumene mng'ono wawo ankadikira kuchipatala kuti achire mwana woyamba. Nyumba inali yanga ndekha, popanda wondifunsa kuti mukuchita chiyani, ndipo pamenepa ndi pamene panayambira tsoka.

Lachisanu madzulo tinakweza galimoto pa njerwa n'kuchotsa mawilo onse anayi. Kuti isapse ndi dzuwa kapena kukandidwa, tinaikungira tenti ya kampani yofunditsira thonje, kuchokera padenga mpaka pa mtengo wa mango. Tinakoleza moto wa zikuni zikuluzikulu pabwalo kuti tiwiritse madzi otsukira girisi, komanso Juni wa ku Chipata mumamudziwa kuzizira kwake. Tinatsuka, tinapala, tinakwecha ndi sandipepa mpaka zala zinasalala ngati za khanda. Loweruka m'mamawa a Fakisoni anasomeka makhadi a njuga kuzungulira, pakati pa wilo ndi tayala, kuti penti asagwere pa labala. Tinamanga zigamba kumaso, maso okha ali panja, ndipo ndinayamba kupopa. Ana anga, zinakongola. Wilo loyamba linawala moti ndinaona ntchito yanga ikundimwetulira mmenemo.

Kenaka kunadutsa lole ya thonje, ili paliwiro ngati yaba. Fumbi lofiira linakwera, linaima m'mwamba ngati likusankha pogwera, n'kutera lonse pa penti wamuwisi. Wilo langa linasanduka chitumbuwa. Tinalipukuta ndi thina, tinapopanso, kunadutsa minibasi. Tinapukutanso, kunadutsa thirakitala. Botolo la thina linafika pansi, ine misozi ili pafupi.

"Tilowetse m'nyumba," anatero a Fakisoni.

Tinatulutsa mipando yonse ya pabalaza, tebulo ndi kabati yomwe, n'kuziika pansi pa tenti. Tinayala mphasa pabalaza n'kugoneka mawilo anayi mondondozana. Koma nyumba za ku Nabvutika zimapuma ngati munthu. Lole ikadutsa, fumbi linkalowa kunsi kwa chitseko, m'mphepete mwa mawindo, ndi pansi pa malata.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene malume anu amadumpha akamafotokoza. Anakhala pakhomo, anayang'ana msewu nthawi yaitali, n'kunena kuti: "Alamu, dalaivala wa lole saopa apolisi, saopa maenje, saopa Mulungu. Chimene aopa ndi chimodzi chabe."

"Chiyani?"

"Masamba."

Inu a masiku ano mwina mumangoona osadziwa. Pakagwa maliro timayala nthambi zaziwisi pamsewu, mbali iyi ndi mbali iyo ya nyumba. Wagalimoto akaziona amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi, wapanjinga amatsika, wachipewa amavula. Mawu anali a malume anu, chikwanje chinali changa. Ndinasadza nthambi kuseri kwa nyumba, iwo n'kukaziyala pamsewu, maso ali psuu, misozi ikuyenderera chifukwa cha thina ndi utsi. Anthu odutsa ankawauza kuti pepani, iwo n'kumangogwedeza mutu kuti zikomo, poganiza kuti akuwapepesa chifukwa cha kuvutika ndi ntchito. Ine palibe anandiona, ndinali m'kati mwa mpanda, ndipo oyandikana nafe anali opemphera Loweruka, anachoka m'mamawa.

Kunena zoona, nzeru imeneyo inagwira ntchito, ndipo mpaka lero palibe amene ananditsutsa pa mfundo imeneyi. Malole anayamba kudutsa mokwawa ngati anamwali. Fumbi linagona. Tinatseka mawindo, tinapopa mawilo onse anayi mpaka mitu inayamba kuzungulira. Kuti ngakhale ntchentche isaterepo, ndinatsegula sutikesi ya amayi anu n'kutenga nsalu yoyera ya pabedi imene ankaisungira alendo, tinaifunditsa pamwamba pa mawilo, titaichirikiza ndi timitengo kuti isakhudze penti. Kunatsala kupopa komaliza, koma thina anali atatha. Tinakhoma loko, tinakwerana panjinga, n'kutulukira kanjira ka kuseri kupita m'tauni.

"Nanga masamba aja?" ndinafunsa.

"Asiyeni, penti aume mwamtendere. Tikubwera manje manje."

Manje manje wa Loweruka ndi wautali. Masitolo tinapeza atatseka. Anatilozera kwa mmisiri wina wowongola magalimoto ku Kapata, kumeneko anati ali kotchova njuga, kotchova njuga anati ali komwa, ndipo komwako sanafune kukamba za thina asanatiuze mbiri ya moyo wake. Pobwerera ndi botolo la thina, dzuwa linali litapendeka kwambiri.

Titakhota kulowa msewu wathu, tinaona masamba. Musaseke: ndinatsika panjinga n'kuvula chipewa. Thupi limachita zimene linazolowera. Ndili pafupi kudziseka, ndinamva nyimbo. Inali nyimbo ya maliro, ya amayi ambiri, ikuchokera panyumba panga. Anthu anali thothotho, amuna atakhala pa mipando yanga pansi pa tenti, ena atazungulira moto wanga, amayi atakhala pansi m'mbali mwa mpanda, mbale za ufa zili ndandanda.

Za penti zonse zinandichoka m'mutu. Ndinaganiza za ku Tamanda. Ndinaganiza za minibasi imene inatenga amayi anu ndi inu nonse, ya matayala osalala ija. M'moyo wanga wonse sindinachitepo mantha ngati nthawi imeneyo. A Fakisoni anandigwira mkono n'kundikokera kanjira ka kuseri, kuti tikamve kaye tisanalowe pagulu. Tinaima kuseri kwa bafa la udzu, ndipo pamenepo ndinamva dzina la womwalirayo. Linali langa.

Pambuyo pake ndinamva mmene anawerengera, ndipo sindingawanene kuti anali opusa. Masamba pamsewu, woyala ndi mlamu wake, akulira. Tenti, moto wa zikuni, mipando panja. Mkazi ali ku Tamanda, kumene kuli chipatala. Mwamuna ndi dalaivala, waonda, wakhala akukhosomola mwezi wonse. Zaka zimenezo maliro anali ngati mvula ya Januwale, ndipo dalaivala akaonda anthu sankafunsa zambiri. Wina anathamanga kukauza mlonda wa pa depoti, mlonda anauza bwana.

Ndinasuzumira pa udzu. A Chanda anali ataimirira pafupi ndi galimoto yawo yokhala pa njerwa, ndipo wina anali atawauza kale kuti akuba a masiku ano alibe manyazi, amaba ngakhale mawilo pa maliro.

"Ine ndine mbuya wanu," ankatero bwana. "Pa maliro anu ndiyenera kuseka, ndiyenera kunena kuti zamupha ndi mbewa. Koma lero nthabwala zandithera. Sakala anali dalaivala. Sanagundepo ngakhale nkhuku." Imene ndinagunda ku Chadiza anaiiwala, koma sinali nthawi yowakonza. "Wafera pa ntchito, akufuna kukongoletsa galimoto ya kampani. Ndinene pamaso panu nonse: mumtima mwanga ndinali nditasankha kale. Wotsala pa ntchito akanakhala Sakala."

Ana anga, mawu amenewo anali okoma. Zaka zonsezo ndinali ndisanamvepo ngakhale zikomo.

Kenaka ndinaona a Tembo. Sanakhale pampando. Anakhala pa dothi, pambali pa thumba la ufa limene anabwera nalo paphewa kuchokera kwawo, ufa uli mbuu m'khosi. Ankalira osabisa, ngati mwana, bambo wamkulu wa ana ake.

"Zoona bwana," anatero. "Mnyamata uja ndinamuphunzitsa ndine, koma anandipitirira. Ana ake sagona ndi njala ine ndilipo. Ndipo jeke ija, jeke yabwino ija, ili pansi pa bedi langa. Ndinamubisira ndine. Ndikanadziwa ndikanamupatsa."

A Fakisoni anandinong'oneza: "Alamu, apa zavuta. Malire a Malawi sali patali. Pitani mukakhale mwezi umodzi, mudzabwere ngati mapasa anu."

Ndinasowa mtengo wogwira. Kutuluka kunali kufa, kukhala kunali kufa kale. Ndili chiimire choncho, amayi Daka, mtsogoleri wa amayi a kumpingo kwathu, munthu amene ngakhale abusa ankamuyankha ataimirira, analamula kuti amayi sangakhale panja pozizira nyumba ya siwa ilipo. Anyamata anathyola loko. Ine ndinasendera pawindo la kuseri, limene linali ndi galasi losweka pakona.

Amayi analowa akuimba. Anaona pabalaza popanda kanthu, mphasa pakati, nsalu yoyera itafunditsa chinthu chachitali. Nyimbo inasanduka mfuu. "Mayo! Thupi lili muno!" Wina ananunkhiza n'kunena kuti amuthira kale mankhwala a kuchipatala. Amayi Daka anagwada kumene anaganiza kuti ndi kumutu, anapemphera pang'ono, n'kukweza nsalu mwaulemu.

Anakweza pang'ono, wilo. Anakwezanso, wilo lina. Anayang'ana anzawo, anayang'ananso pamphasa, kenaka ndinaona chala chawo chikutambasuka, chikupita pang'onopang'ono pa wilo langa labwino koposa onse.

Sindinaganize. Pakamwa panatseguka pokha.

"Musakhudze! Penti sanaume!"

Amati nkhope yanga inali yasiliva kuyambira pamphumi mpaka m'makutu, pokhapokha pamene panali chigamba. Chitseko chathu chinali chopapatiza, koma amayi onse aja anatulukira limodzi. Panja amuna atamva kuti malemu alankhula pawindo, sanadikire kumva zimene anena. Mpanda wanga unagwa mbali ziwiri. Mkulu wina wa ndodo anaiwala ndodo. Bwana Chanda anatsegula galimoto yawo, analowa, n'kuliza injini, galimoto ili pa njerwa.

Amene sanathawe ndi a Tembo okha. Anadzuka, anazungulira nyumba, anandipeza pawindo. Anandiyang'ana. Anandigwira pachifuwa, anatsina tsaya langa, anaona penti pa zala zawo. Kenaka anandimenya mbama imene mpaka lero khutu ili limailira, n'kundikumbatira mwamphamvu moti ndinakhosomola.

"Galu iwe," ankatero akulira ndi kuseka. "Galu iwe. Ndaulula za jeke pachabe."

Anthu atabwerera, mantha anasanduka mkwiyo, ndipo anali ndi chifukwa. Akuluakulu a m'komboni anandikhazika pansi pa tenti yomweyo. Anandiuza kuti masamba si chidole, kuti ena mwa amayiwo anasiya odwala enieni kunyumba kuti adzandilire. Anandilamula kutola nthambi iliyonse ndi manja anga anthu akuona, ndi kubweza mbale khomo ndi khomo ndikupepesa. Malume anu pa nthawiyi anali atasowa ngati jeke. A Tembo okha anakana kutenga ufa wawo. Anati ufa wopita ku maliro subwerera kunyumba.

Amayi anu anafika Lamulungu m'mawa, ali okha, opanda mpango kumutu. Uthenga unawapeza ku Tamanda kudzera kwa kondakitala wa minibasi. Anandipeza ndikupopa komaliza. Anaima pakhomo, anandiyang'ana ine, anayang'ana nsalu yawo ya alendo, n'kukhala pansi pomwepo. Kulira kumene analira sindifuna kukulemba. Nditayesa kufotokoza za fumbi anangokweza dzanja, ndipo ndinatseka pakamwa.

Lolemba mawilo anali pa galimoto, akuwala mpaka anthu kutembenuka. Limodzi lokha linali ndi chidindo cha chala cha amayi Daka. Eni ake atsopano anabwera pa galimoto yawoyawo, anayang'ana sikelo, anayang'ana mabelo, anamwa tiyi wopanda shuga, n'kumapita. Pansi sanayang'ane, monga ananenera a Tembo.

Madzulo bwana anandiitana ndekha, anatseka chitseko.

"Sakala, pa maliro munthu amalankhula. Zoona zake, ndinali ndisanasankhe. Tembo ndi wakale pano, ndipo mtima unali kupendekera kwa iye. Koma ndinalankhula pamaso pa Nabvutika yense. Ndikakuchotsa, adzati Chanda ananama pa mtembo. Amene angandimasule ndiwe. Ukanena wekha kuti ufuna kupuma, Tembo atsala. Alendo ndawauza kuti dzina alimva mawa."

Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba. Ndinafunsa amayi anu, anati: "Munthu amene ndamulira kale sindimulangiza." Anapita kukaphika, ndipo ufa umene anaphika unali wa a Tembo. Inu munali mutabwerako, munadya n'kukhuta, mukuseka za atate anu a mzukwa. Ine ndinatema mbamu imodzi, inakana kutsika. Ndinayang'ana mitu yanu isanu ndi umodzi. Ndinakumbukira kuti kwa a Tembo kunali mitu isanu. Ndinayesa kudziuza kuti iwo ali ndi munda kumudzi, kuti ana awo ndi okulirapo, koma mtima unkangondibwezera mawu aja, akuti ana ake sagona ndi njala ine ndilipo.

M'mawa ndinalowa mu ofesi n'kunena kuti nditsala. Sindinabe, sindinanamize munthu, ndipo sukulu imene munaphunzira inachokera pa yankho limenelo. Mukandibwezera tsiku lija ndingayankhenso chimodzimodzi. Koma musaganize kuti sizinandiwawe. Zimandiwawa mpaka lero.

A Tembo anabwera tsiku lotsatira kudzatsanzika, atanyamula chinthu m'thumba la feteleza. Anachiika pamapazi anga. Inali jeke.

"Tenga," anatero. "Munthu sungapikisane ndi wakufa. Koma ubweze sipanala yanga, mfiti iwe."

Kuyambira tsiku limenelo ananditcha a Malemu, ndipo Chipata yense anatengera kwa iwo.

1998

A Tembo anayendetsako minibasi ya munthu wina, kenaka malole a maulendo ataliatali. Loweruka akakhalapo ankabwera kwathu, kukhala pansi pa mango, n'kufotokozera alendo anga mmene bwana analizira galimoto yopanda mawilo. Palibe ankaikamba bwino nkhaniyi kuposa iwo, ndipo za ntchito ija sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Zikanandipepukira akanandinena.

Kenaka anayamba kuonda. Mawu aakulu aja anachepa. Anamwalira mwezi wa Juni, nyengo ya fumbi, kunyumba kwawo, m'mphepete mwa msewu womwe uja. Ndinanyamula thumba la ufa paphewa, osati panjinga, ndipo nditalitula ndinapempha achibale kuti nthambi ndidule ndine. Anayang'anizana, koma anandilola.

Ndikuziyala pamsewu, kunatulukira minibasi ili paliwiro, wailesi ikuphokosera. Dalaivala anandizindikira, anatulutsa mutu pawindo, mano onse ali panja.

"A Malemu! Lero tipenta chani?"

Ndinavula chipewa. "Lero ndi munthu, mwana wanga."

Anatseka wailesi, anadutsa mokwawa. Ndinaona kuti masamba oyala ine sangakhulupirike okha, choncho sindinakakhale pansi pa tenti ndi amuna anzanga. Ndinaima pamsewupo mpaka dzuwa kulowa, chipewa chili m'manja, ndikuyankha galimoto iliyonse. Tsiku limenelo fumbi silinafike pamene anagona a Tembo.